Telala Wosuzumira Kuseri kwa Kalilole

Panali telala wina ku Balaka, wosoka pakhonde la sitolo. Makina ake anali opalasa ndi phazi.

Tsiku lina sitiroko inamugwetsa, mwendo wamanja nʼkufa. Poyamba anthu ankabwera ndi nthochi ndi mapemphero. Kenaka anayamba kuchepa, mukudziwa mmene timachitira ife. Anatsala yekha mʼnyumba, iye ndi makina ake ofunditsidwa chitenje. Chinkamuwawa kwambiri nʼchakuti mwina sadzapalasanso.

Kuchipatala, mayi wophunzitsa odwala kuyenda anamuuza kuti, “Bambo, muziimika kalilole pakati pa miyendo, wodwalawo ubisike kuseri. Muzipalasa ndi phazi labwinoli, maso ali pakalilole. Ubongo uziona ngati mapazi onse akuyenda.”

Telala anati, “Mayi, kalilole ndakalamba naye ine. Ngwabodza ameneyu. Ndanamizira naye anthu ambiri kuti jekete yawakhala.”

Komabe anakayesa. Koma telala ndi telala: sakhulupirira chovala asanachitembenuze kuti aone msoko wamʼkati. Akangopalasa kawiri, ankasuzumira kuseri kwa kalilole. Mwendo uli gone ngati chipika. Mtima unkamuthera pomwepo, nʼkugona tsiku lonse atayangʼana kukhoma.

Mmawa wina anadzifunsa kuti, ndiziyangʼana mwendo wakufawu mpaka liti? Anavundukula makina aja, natenga chitenjecho nʼkufunditsa mwendowo. Anayamba kupalasa, maso pakalilole basi. Sabata inatha. Mwezi unatha. Khosi linkamuyabwa kuti asuzumire, koma ayi.

Tsiku lina masana, mʼnyumba muli zii, anamva kuseri kuja kuti kwee, pamphasa. Chala chachikulu cha mwendo wakufa uja chinali chitakanda mphasa. Panalibe womuuza. Analira yekha, napitiriza kupalasa.

Abale anga, aliyense pano ali ndi mwendo wake wakufa. Wina ndi pemphero limene linazizira, wina ndi mtima umene unakana kukhululuka. Vuto lathu ndi la telala uja. Tikapemphera kawiri, tasuzumira kale kuti tione ngati tasintha, tikapeza zili chomwecho nʼkutaya mtima. Chakufa sichidzuka chifukwa choti mwachiyangʼanitsitsa. Yangʼanani Yesu, amene ali wamoyo, mmawa ndi mmawa, ngakhale pasakhale wobwera kudzakuzondani. Kalilole ameneyu sanama. Za kuseriko musiyireni mwini wake, mudzangomva pamphasa.