Sofa ya Amake Towela

Ku Chinyunyu, ukapitirira pang'ono pamene pamatumphuka madzi otentha, pali nyumba ya malata ya ba Oswell ndi akazi awo, amene tonse timawaitana amake Towela. Mayi amenewa ndi akhama, zimenezo sitingawalande. Nthochi ndi matimati awo pamsewu zimatha dzuwa lisanapendeke. Koma mutu! Ukawauza kuti njira ndi iyi, iwo amamva ngati wawatukwana.

Chaka chatha, chimanga chitalowa m'nkhokwe, kunabwera mawu akuti Fredrick, mnyamata wa ku Mpanshya amene ankafuna Towela, abwera ndi akwawo kudzaonekera. Amake Towela anaunguza pabalaza pawo, mtima unawawa.

"Alendo a mwana wanga akhale pa timipando touma iti? Mawa ndipita ku Lusaka kukagula sofa."

"Nzabwino," anatero ba Oswell. "Koma imani ndiyeze khomo ndi balaza, mutenge chingwe mukafanizire. Mukawafunsenso opanga aja ngati..."

"Atate ake Towela, nyumba ino ndimasesa ndine. Maso angawa ndi tepi. Inu kayezeni mizere kumunda."

Ba Oswell anaphunzira kalekale kuti mphepo sakangana nayo. Anabwezera chingwe m'thumba.

Tsono anzanga, ku Kalingalinga, ku Lusakako, mipando amaiyala panja, pansi pa thambo, ndipo pansi pa thambo ngakhale njovu imaoneka ngati thole. Amake Towela anadutsa timasofa tonse toyenera nyumba yawo ngati sakutiona, nakaima pa chimsofa chofiirira, chonenepa, chokhota ngati chigongono. Sanafunse kutalika kwake, sanafunse ngati chimagawika. Anangochisisita nati, "Ichi."

Chinafika pa kalole ka kanta, miyendo ili m'mwamba, anthu atasiya malonda kudzaonerera. Amuna anachinyamula ndi nyimbo. Kufika pakhomo, gwa! Anachitembenuza chammbali, gwa! Anachiimika, anachizula timiyendo, anachinyengerera ndi mawu okoma, koma dzungu sililowa m'botolo. Chinagona panja atachifunditsa tenti, ndipo m'mawa anapeza nkhuku itaikirapo dzira. Mlendo woyamba ameneyo ndiye anakhutira.

"Tiitane kalipentala achidule pakati," anatero ba Oswell.

"Mudule sofa yanga? Anthu amve kuti ndinagula chosalowa? Gumulani khomo!"

Anazula felemu, anachotsa njerwa, chinalowa. Ndiye chinadya balaza lonse, khoma mpaka khoma. Msana wake unatseka windo, mchira unatsekereza chitseko cha kuchipinda, moti pokagona akuluakuluwo ankachita kukwera pawindo la kuchipinda ngati akuba. Wina akanaimira pomwepo. Iwo ayi. Anaonjeza thebulo lagalasi pakati, kabati pakona, maluwa apulasitiki, ndi makatani olemera ngati mabulangete. Kanatsala kanjira ka mbewa basi.

Tsiku linafika, Okutobala akuphika anthu amoyo. Fredrick anabwera ndi amalume ake, ba Bornwell, munthu wa jekete ngakhale pa dzuwa, amene pa mwambo sasekerera. Analowa chammbali ngati nkhanu. Ba Oswell anatsogola mpaka kumapeto, ba Bornwell pakati, Fredrick chakukhomo. Pokhala pansi onse anamira, maondo kufika m'zibwano. Towela anali kuchipinda, khutu lili pachitseko.

Inu mukudziwa kuti mpongozi ndi mkamwini amapatsana mtunda, moni amaperekera patali, maso ali pansi. Amake Towela analowa kudzalonjera, atavala chitenje chatsopano. Anafuna pogwada, palibe. Malo okhawo anali pakati pa thebulo ndi miyendo ya Fredrick, mnyamata wamtali ngati mlongoti. Kubwerera kunali manyazi, ndiye anati bola ndiyese. Mulungu sanawamane thupi mayi amenewa. Anatsika bwinobwino, mbali ina inagwidwa ndi thebulo, ina ndi sofa, anapendama, dzanja phaa pa bondo la mkamwini!

Mnyamata anadumpha ngati waponda khala. Anakokera miyendo pa sofa, nsapato zili kuphazi, ataona kuti apongozi akadali pafupi anakwera pamsana pa sofayo n'kugwira katani. Katani inabwera ndi mtengo wake womwe, n'kufundika ba Bornwell mutu wonse.

Mkulu uja anadzivundukula pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu.

"Ba Oswell, kwathu apongozi sagwira bondo la mkamwini. Kaya kuno kumsewu waukulu mwayamba mwambo wina. Fredrick, tsika. Tizipita."

Kuchipinda kunamveka kulira kwa Towela. Anakankha chitseko kuti atuluke, koma sofa inati khala momwemo.

Ba Bornwell anadzuka, kachitatu konse sofa ikuwabweza, naima kuti atuluke mwaulemu wawo. Koma atulukira pati? Njira inali imodzi, ndipo m'njiramo munali amake Towela, atagwada, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo.

"Mayi, tipatseni njira."

"Atate, ndikanakonda," anayankha ndi kamawu kakang'ono, "koma ndakanirira."

Ba Oswell anakhosomola. "Ba malume, wolakwa si mayi, si mnyamata. Ndi chilombo takhalirachi. Gwirani thebulo uko, ine ndigwire kuno, tiwombole mkazi wanga. Mukafuna kupita mupite, koma njira titsegule kaye."

Munthu sungakwiye bwino utasenza thebulo pamutu. Ba Bornwell analinyamula, galasi likugwedera, ba Oswell akukuwa kuti chenjerani kabati, Fredrick ali kumwamba kuja atatseka maso kuti asaone apongozi akudzuka. Pofika panja milomo ya mkulu uja inali ikunjenjemera. Anatula thebulo, anayang'ana khomo logumulidwa lija, anayang'ana mphwake akutuluka chokwawa, basi phwiti! Anaseka mpaka kuvula jekete.

"Mwana uyu ali ndi ulemu, mwaona nokha," anatero akupukuta misozi. "Akanatha, akanabowola denga."

Anayala mphasa pansi pa mango. Amake Towela anagwada kutali, kumene mphepo inali kupita, naomba m'manja monga kuyenera. Nkhani inayenda ngati madzi, munkoyo unamwedwa, Towela anamutulutsa pawindo la kuchipinda maso ali ofiira koma mano ali panja. Ukwati anaupangana kuti uchitike mvula ikatha.

Alendo atapita, amake Towela anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana chimsofa chawo, mapazi a nsapato ali pamsana pake.

"Atate ake Towela, ndifunseko. Tichite nacho chiyani?"

Ba Oswell anacheuka kumanzere, anacheuka kumanja. "Wafunsa ndani? M'nyumba muno mwalowa mlendo?"

"Musandiseke, imwe."

Kalipentala anabwera, anachidula pakati. Theka linatsala, windo linayambanso kupuma, ndipo munthu akhoza kugwada n'kudzuka yekha. Theka linalo linapita ndi Towela ku Mpanshya. Ba Bornwell akabwera kudzacheza amaima pakhomo n'kufunsa ngati njira ili yotsegula lero, ndipo amake Towela amaseka nawo, atabisa nkhope m'chitenje. Njerwa za pakhomo paja anazibwezera, koma chipsera chikuonekabe, ndipo ndi chabwino chikhale, kuti wodutsa aliyense aziwerenga yekha: safunsa anadya phula.