Chilazi cha Welsin

Welsin anali dalaivala wa bwanamkubwa wa chilumba cha Pohnpei, ndipo banja lake lonse linkadyera pachiwongolero chimenecho. Chisankho chitayandikira, mtima wake unali m'mwamba. A Kustin, amene anali pampando, ankalimbana ndi a Pernardo, amene anakhalapo kale pampandowo, ndipo wopambana amasankha yekha womuyendetsa.

Kwathu kuno munthu sapita kwa wamkulu chimanjamanja, ndipo mwamuna amadziwika ndi chilazi chake. Welsin anali nacho chimene anachilera mobisa zaka zitatu, chofuna amuna anayi kuti achinyamule pamtengo. Tsoka lake, chilazi chinali chimodzi, mabwana awiri.

"Sankhani mmodzi, bambo," anatero mkazi wake Merihna. "Mukhala bwanji m'magalimoto awiri, matako anu ali omwewa?"

"Ndale simuzidziwa inu, mayi. Tandipatsani chikwanjecho."

Anachidula pakati, nakulunga podulapo ndi masamba a nthochi ngati zokongoletsa. Theka anakatula kwa a Kustin Lachiwiri, akulumbira kuti mavoti a mtundu wake wonse ndi awo. Theka linalo linakafika kwa a Pernardo Lachisanu, malumbiro ake omwewo. Anabwerako akuimba mluzu, akudziona wochenjera kuposa chilumba chonse.

Kutatsala sabata kuti anthu avote, kunagwa maliro a mayi ake a mfumu yaikulu. Pamaliro otere, wofuna mavoti amabwera ndi chamtengo wapatali chimene ali nacho. A Kustin anafika ndi nkhumba, mizu ya sakau yopangira chakumwa cha pamwambo, ndi chilazi, woyendetsa ali Welsin yemweyo. Posakhalitsa a Pernardo anatulukira ndi zawo. Mkulu wogawa chakudya anagoneka zilazi ziwirizo pafupi, nachotsa masamba aja. Anayang'ana ichi, nayang'ana icho, kenako anazikankhira pamodzi. Zinalumikizana osasiya ngakhale polowa nyerere.

"Taonani, anthuni!" anafuula mkuluyo. "Mabwana athu agwirizana! Wina wabweretsa kumutu, wina kumchira!"

Anthu anafa nacho chiseko, mpaka ofedwa kubisa nkhope m'nsalu. Welsin anachita manyazi moti analakalaka nthaka itamumeza.

"Achimwene," anatero a Pernardo kwa a Kustin, "chanucho anakupatsani ndani?"

A Kustin anangotembenukira kwa Welsin, natambasula dzanja. "Makiyi."

Chisankho anapambana ndi a Pernardo. Welsin anavala malaya ake a kutchalitchi, nakhala woyamba kukawayamikira.

"Wachita bwino kubwera, mphwanga," anatero iwo akumwetulira. "Koma ine ndikufuna dalaivala wathunthu, osati theka."

Anabwerera wapansi, mvula yathu ya tsiku ndi tsiku ikumutsira, galimoto ya boma n'kumudutsa osaima. Merihna anamulandira pakhomo ndi thaulo, madzi otsika m'malayamo atanena kale zonse: mapanga awiri avumbwitsa.