Onga wa M'chitini cha Malemu

Mugalaja ya Che Rashidi ku Hyattsville simunkalowa galimoto. Munali tebulo, mbaula ya gasi, poto wachitsulo ndi ndowa zitatu za mtovu. Masana bamboyo ankagwira ntchito kosinthira matayala. Tizidutswa ta mtovu tochotsedwa kumarimu anzake ankataya. Iye ankatola. Akaweruka ankasungunula, n'kuumba zipolopolo za volovolo yake, mfuti yamphamvu ija amati maginamu.

Pa mtovu anali katakwe. Chipolopolo chilichonse ankachikanda ndi chikhadabo. Chikhadabo chikalowa, ankachibwezera mupoto.

"Chofewa chimatsalira mumpope wa mfuti ngati sopo pamwala," ankatero. "Maginamu amafuna chokhwima."

Ankagwetsa chibuma cha mtovu pasimenti, khutu lili tcheru. Chikati phi, n'chofewa. Chikati ngwee, chakhwima. Apa munthu sakanamuuza kanthu.

Loweruka lililonse ankapita kumalo owomberako ndi mwana wake wamkazi, Zulfa. Mtsikanayo anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Anali atangomaliza maphunziro a unamwino, ndipo ntchito yake yoyamba m'chipatala inali kuyamba sabata ziwiri kutsogolo.

"Dzanja la mwana uyu silinjenjemera," ankanyadira Che Rashidi. "Jakisoni kapena mfuti, chimodzimodzi."

Tsiku lina mayi wamasiye wa ku Bowie, dzina lake Eleanor, anayala katundu wa malemu mwamuna wake pakapinga kuti agulitse. Kaunjika wa kuno. Ndalama ankalandira ndi mwana wake. Malemuyo nayenso ankadzipangira zipolopolo. Che Rashidi anatola sikelo, zikombole ziwiri, ndi chitini chakuda cha chivindikiro chofiira, cha onga wofika pakati. Tebulo lalikulu analisiya. Anati adzalitenga Loweruka lotsatira.

Madzulo ake mnzake Chibwe anatulukira kugalaja. Anali bambo wa ku Lusaka, woyendetsa lole, yemwe anamuphunzitsa ntchitoyi zaka zisanu zapitazo. Ananyamula chitinicho. Anachigwedeza. Anayang'ana chivindikiro.

"Ba Rashidi, iyi tini munaipeza yotsegula?"

"Eya. Nanga?"

"Manje mwadziwa bwanji zili mukati?"

"Kuwerenga ndimatha, achimwene. Palembedwa apa. Onga wodekha, wa maginamu."

"Tini ndiye yalembedwa. Onga sunalembedwe."

Che Rashidi anatsanulira pang'ono pachikhatho. Timibulu takuda, tonyezimira.

"Taonani. Ndi womwewo."

"Shuga na mchere nazonso zimalingana, mudala. Imbirani amayi aja muwafunse. Mukachita manyazi, kamwazeni pakapinga, udzu ukondwere."

"Nditaye chinthu chabwinobwino? Inu a ku Lusaka mumataya ndi mitu ya nsomba yomwe."

"Ise timafa na zala zonse khumi," anayankha Chibwe.

Anaseka onse awiri. Koma foni sinaimbidwe. Nambala ya mayiyo inali m'thumba la malaya. Che Rashidi anaona kuti kufunsa mayi wolira za chitini n'kudzichotsa ulemu. Komanso iye, munthu wodziwa mtovu ndi khutu, akafunse mkazi amene sanagwirepo mfuti?

Onga uli mitundu. Wina umayaka mwaphuma, ndipo amathira pang'ono chabe. Wina umayaka modekha, ndipo ndi umene maginamu amadya wochuluka. Waphuma uja ukauthira pamuyeso wa wodekha, chitsulo sichipirira. Zimenezi Che Rashidi ankazidziwa ngati dzina lake. Anatsegula buku la miyeso. Anayeza mosamala, kambewu ndi kambewu. Anadzaza zigoba zamkuwa makumi asanu, n'kuvindikira ndi zipolopolo zake zokhwima zija. Anaziika m'kabokosi kobiriwira. Zinkaoneka bwino zedi.

Loweruka m'mawa Zulfa anatenga kabokosiko ndi volovolo.

"Ababa, ine ndatsogola. Mundipeza konko."

"Pita, mama. Titenge tebulo ku Bowie, tikupeza isanakwane leveni. Yamba ndi zatsopanozo, undiuze."

Ku Bowie anafika pa pikapu ya Chibwe. Mayi Eleanor anawatsegulira chipinda chapansi. Anayima pamasitepe, kapu ya khofi m'manja, akuyang'ana amuna awiriwo akulimbana ndi miyendo ya tebulo. Ankalankhula Chingerezi, pang'onopang'ono, ngati munthu wosowa wocheza naye.

"Zaka zomaliza maso anali atamuthera," anatero. "Koma kusiya ayi. Ankatsika kuno tsiku ndi tsiku. Onga wotsala wonse ankatsanulira m'chitini chimodzi. Wa uku, wa uku. Ankati tsiku lina adzakautaya. Sanapite."

Chibwe anatula mbali yake ya tebulo.

"Chitini chiti, mayi?"

"Chakuda chija. Cha chivindikiro chofiira. Sindikuchionanso. Kapena mwana wanga anataya."

Che Rashidi nayenso anatula mbali yake. Anapisa m'thumba. Foni inagwa. Anaitola, n'kuimbira Zulfa.

Inalira kasanu. Sinayankhidwe.

Anaimbanso. Chimodzimodzi.

"Wavala zotseka m'makutu," anatero Chibwe. "Sangamve. Tiyeni!"

Tebulo linatsala pamasitepe, miyendo m'mwamba. Mayiyo anaitana kumbuyo. Palibe anacheuka.

Wotchi ya m'galimoto inkati teni koloko yadutsa ndi mphindi khumi. Malo owomberako aja amatsegula teni. Kulembetsa, kudikira mpata, kupachika chandamale. Che Rashidi ankawerengera m'mutu. Mwina pali mzere. Mwina wakumana ndi mnzake. Mwina wayamba ndi zakale.

Koma anali atamuuza yekha. Yamba ndi zatsopanozo.

Analemba uthenga, zala zikuphonya zilembo. USAWOMBE. Anatumiza katatu. Anaimba kuofesi ya malowo. Anayankha makina, mawu a mkazi wansangala, kutchula masiku ndi maola otsegulira. Anadula. Anaimbanso. Makina omwewo.

"Ya Allah. Ya Allah."

"Imbani futi," anatero Chibwe, maso pamsewu. "Osaleka."

Pamsewu waukulu magalimoto anali atathinana. Kutsogolo ankakonza mlatho. Mizere itatu inkasanduka umodzi. Munthu wa chipewa chachikasu anaimika chikwangwani, osafulumira, akutafuna chingamu. Che Rashidi anatsegula windo. Anatsekanso. Thukuta linkatsika m'khosi.

"Mwina ambiri ndi wodekha," anatero. "Mwina waphuma ndi wochepa. Eti, achimwene?"

Chibwe analiza hutala. Che Rashidi anapitiriza.

"Mfuti ija ndi yolimba. Chitsulo chenicheni."

"Ba Rashidi, imbani foni."

Ulendo wa makumi awiri anaimba, munthu anayankha kuofesi kuja. Mwamuna. Ankapuma mwabefu.

"Mwana wanga ali mkatimo, Zulfa Rashidi, wavala mpango wabuluu. Muletseni! Zipolopolo zake n'zoipa!"

Mwamunayo anatsitsa mawu.

"Ndinu bambo ake?"

"Ndine."

"Bwerani, bambo. Yendetsani bwino."

Anapeza ambulansi pakhomo, zitseko zili pululu. Anthu anali panja, zotseka m'makutu zili m'khosi. Che Rashidi anatsika galimoto isanaime. Mkati, patebulo la woyang'anira, panali volovolo yake. Chitsulo cha pamwamba chinali chitapindikira m'mwamba ngati chivindikiro cha chitini cha nsomba. Mgolo wa zipolopolo unali utang'ambika pakati. M'kabokosi kobiriwira munkasowa zisanu ndi chimodzi. Yoyamba yomweyo ndiyo inachita zonsezi.

Zulfa anali atakhala kumbuyo kwa ambulansi. Maso anapulumuka, magalasi anagwira ntchito yake. Koma dzanja lamanzere linali litakulungidwa mpaka m'kasukusuku, ndipo nsalu yoyerayo inkafiira pachala chachikulu.

"Mama. Mwana wanga."

"Mtsempha waduka," anatero Zulfa. Mawu ake anali a namwino, osanjenjemera. "Chala sichikupindika. Akasoka lero. Kenako miyezi."

"Ntchito ija..."

"Ndiwaimbira Lolemba."

Che Rashidi anagwada pamatayala a ambulansi. Anafuna kugwira dzanjalo. Anabweza lake.

"Mtovu unali bwino," anatero, osadziwa chimene akunena. "Ndinayeza chilichonse. Ndi onga. Malemu aja anasakaniza."

"Mwadziwa bwanji?"

"Akazi awo anena. Lero lomwe."

"Munawafunsa?"

"Anangonena okha."

Zulfa anatembenukira kwa wa ambulansi n'kumuuza kuti atseke chitseko.

Chibwe anatenga kabokosi kobiriwira, n'kukapereka kwa woyang'anira malowo kuti asatengenso munthu. Anabwerera. Anamugwira mnzake paphewa, n'kumudzutsa.

"Tiyeni kuchipatala, mudala."

Ambulansi inali patsogolo, nyali zikuphethira. Che Rashidi ankaitsata ndi maso. Sabata yathunthu chitini chija chinakhala patebulo lake, ndipo mwini yankho anali ku Bowie, wamoyo, wofuna wocheza naye. Funso lake linali lalifupi: m'chitinimu muli chiyani? Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.