Moni Wopweteka

Panali mayi wina amene anadwala nyamakazi ya m'mfundo. Zala zake zinatupa, zina mpaka kupindika. Matendawo atakhalitsa, thupi lake linayamba kumva kuwawa ngakhale malo amene sanatupe. Munthu akangomugunda paphewa, ankamva ngati amumenya ndi mtengo. Kuchipatala anamuuza kuti zimachitika ndithu: thupi likapwetekedwa nthawi yaitali, limafika pomva ululu ndi kanthu kochepa.

Choncho mayiyo analeka kupereka moni wapadzanja. Ankangoika dzanja pachifuwa n'kuwerama. Anthu anayamba kumunena kuti wayamba kunyada, ndipo amene ankanena kwambiri anali mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake.

Kenaka mwamuna uja anamwalira. Anthu anabwera ambiri kudzapepesa. Mayiyo anati mumtima mwake, "Ndikabisa dzanja lero, ati ndakana anthu odzalira mwamuna wanga." Ndiye analitambasula.

Aliyense wolowa m'nyumbamo ankaligwira mwamphamvu, pofuna kusonyeza kukula kwa chisoni chake. Mayiyo ankabuula. Iwo pomva kubuulako ankati chisoni chamukulira, n'kulifinya koposa.

Mlamu uja anakhala pambali pake. Poyamba sanaone kanthu. Koma patapita nthawi anazindikira kuti namfedwayo sankabuula akamva dzina la malemu, ankabuula akagwidwa dzanja. Anayang'anitsitsa, naona zala zili pamwendo, zitatupa kuposa kale.

Anamunong'oneza kuti, "Alamu, kodi ndi dzanjali?"

Mayiyo anayankha, "Likuyaka moto, alamu. Koma anthu ndiwabweza bwanji?"

Mlamuyo anasendera kutsogolo, nafunditsa dzanja lotupalo ndi nsonga ya chitenje chake, n'kutambasula lakelake. Kwa aliyense wolowa ankati, "Moni wa amayiwa ndilandira ndine."

Ena anadabwa. Ena anang'ung'udza kuti si mwambo wake. Iye sanasunthe mpaka bokosi linatuluka. Ndipo apo m'pamene mayi uja anapeza mpata wolira mwamuna wake.

Abale anga, m'nyumba muja munalibe munthu wankhanza. Onse anabwera ndi chikondi, ndipo onse anamupweteka. Ankayeza mphamvu ya moni ndi dzanja lawo, chonsecho wolimva anali wina. Pakati pathu pano alipo odwala otere, ndipo ambiri amapirira chamumtima poopa kunenedwa. Wina akakuuzani kuti zikuwawa, musati, "Ndangokukhudzatu pang'ono." Pang'onopo mwayeza ndinu. Mfunseni mwini thupi, ndipo chimene akuuzeni, mukhulupirire.