Mphepo Yochokera Kwanu

Pa chilumba china cha m'nyanja pankakhala munthu wina amene anali ndi bwato la thanga. Ankaolotsa nsomba zouma kupita nazo kumtunda, pobwerera n'kutenga chinangwa.

Mphepo ankaidziwa kuyambira ali mwana. Ikakhala ya kumbuyo, ankamasula chingwe cha thanga, bwato n'kumathamanga lokha. Ikakhala ya m'nthiti, ankakokako chingwe pang'ono. Koma ikakhala ya kumaso, ankadziwa kuti palibe bwato limene limalunjika kumene mphepo ikuchokera. Umapatuka, n'kumaidula chammbali, uku ndi uku, mpaka ukafike.

Tsiku lina m'mawa, ali kumtunda ndi mkazi wake, kunabwera uthenga. Mwana wawo Sungeni, amene anamusiya kwa azakhali ake akudandaula mutu chabe, anali atamwalira. Adzukulu anali atayamba kale kukumba manda.

Anakankha bwato nthawi yomweyo. Mphepo inali kuchokera kuchilumba komweko.

Munthu uja analozetsa bwato pa mlambe wa padooko la kwawo, umene unkaoneka patali. Thanga linayamba kukupiza ngati nsalu yoyanika. Bwato linaima. Kenaka mafunde anayamba kulibweza. Chochita ankachidziwa, koma dzanja linakana kukhotetsa tsigiro, chiwongolero cha bwatolo. Iye anali atamusiya kale mwanayo kamodzi. Kuchotsa maso pa mlambe uja kunali ngati kumusiyanso.

Mkazi wake anati, "Bambo a Sungeni, mukapitiriza kuloza kwathu, tikamupeza atamuika."

Mwamunayo anakhotetsa tsigiro, nakoka chingwe. Mlambe unapita kumbali. Thanga linadzaza, bwato n'kuyamba kuyenda ngati likupita dziko lina. Pamenepo m'pamene misozi inatsika. Atayenda ndithu anatembenuza, mlambe n'kupita mbali inayo. Anatembenuzanso. Nthawi iliyonse mlambewo unkaoneka wokulirapo.

Anafika dzuwa litapendeka. Adzukulu anali atakhala pansi kudikira, bokosi asanakhome. Makolo aja anaona nkhope ya mwana wawo.

Abale anga, pali masiku amene mphepo imachokera kumene mtima ukufuna kupita. Amene anaikapo wake m'manda akuwadziwa masiku amenewo. Umafuna kuti Mulungu akufikitse pa mtendere molunjika, lero lomwe, koma pemphero limangokupiza ngati thanga lija. Ndiye Iye amakupatutsa. Amakutuma kukatunga madzi, kukalima, kukazonda wodwala wa mnzako, ndipo iwe umaona ngati ukuiwala amene unamukonda.

Sukumuiwala. Amene wagwira tsigiro la moyo wako akudziwa pamene pali dooko. Ukaona mlambe uli kumbali, usaope. Ulendowo ndi wa kwanu womwewo.