Mpata wa Linga la ku Nankhwazi

Mwandida, Lonjezo, tasiyani kaye fulayeyo, bwerani kuno! Ndabwerako kuchilumba kuja, ndipo mukudziwa? Pa kalasi yathu yonse, woyamba kulowa m'linga lamakedzana la ku Nankhwazi ndinali ine. Ineyo ndithu! Komatu ndinayamba ndi misozi. Aphunzitsi anatiuza kuti aliyense atenge mwala wa kwawo, ine wanga n'kuuiwala m'lole yomwe tinakwera popita kudoko. Bwato lili pakati pa madzi m'pamene ndinapisa m'thumba, ii, mulibe! A Saikonde, amene ankatipalasira bwatolo, anangoseka. "Pukuta misozi, mwanawe. Mlendo weniweni lero ndiwe." Kenako anatisimbira nkhani iyi, ndipo ndikufuna muimve momwe ndinaimvera.

Kalekale chilumbacho chinalibe mwala ngakhale umodzi. Kunali mchenga, bango ndi dothi lachonde basi. Mvuu zinkatuluka m'madzi n'kumadya mpunga m'minda, ndipo mpanda wa bango zinkangoupondereza. Tsono mmisiri wina, dzina lake Chagunda, anati pamangidwe linga lamiyala. Nanga miyalayo ichokera kuti? Anthu anapangana kuti mlendo aliyense, kaya wodzagula nsomba, kaya wodzaona abale, kaya wodzafunsira mbeta, azibwera ndi mwala umodzi wa kwawo. Akaupereka azilandira madzi akumwa, chakudya ndi mphasa yogonapo.

Zinayenda bwino zaka zambiri. Inabwera miyala yofiira ya kumapiri, yakuda yosalala ya m'mitsinje, ina yonyezimira yochokera kutali komwe a pachilumba sanafikeko. Chagunda ankaudziwa mwala uliwonse ndi mwini wake. "Uwu ndi wa wosula makasu wachibwibwi uja," ankatero akuusisita. Linga linazungulira mudzi ndi minda yonse, n'kutsala kampata kamodzi kolunjika padoko, kongokwana munthu mmodzi. Mvuu sikanakwanapo, koma Chagunda kampatako kankamudya mumtima. Ankati akadzakatseka anthu azidzalowa pa makwerero, ndipo ntchito ya moyo wake idzakhala yatha.

Tsiku lina m'mawa, kukuomba mphepo, panafika mayi wina wotchedwa Nangondo, atabereka khanda, zovala zili chonyowa. Kwawo kunagwa njala.

"Odi kuno!"

"Odini, mayi. Mwala wanu uli kuti?" anafunsa Chagunda ataima pampata.

"Ndinali nawo, bambo. Mphero ya amayi anga yeniyeni. Koma bwato litayamba kulowa madzi, wopalasa anati titaye cholemera. Ndikanataya chiyani, mwala kapena mwanayu?"

Amayi ena amene ankatsuka mbale pafupi anati, "A Chagunda, taonani mwanayo akunjenjemera. Aloweni aothe moto."

Chagunda anayang'ana mwanayo, anayang'ananso kampata kake. "Ndikalowetsa awa lero, mawa onse abwera chimanjamanja. Linga silimangidwa ndi chisoni. Kafuneni mwala, mayi, mudzatipeza."

Nangondo anakonza mbereko yake n'kubwerera m'bwato lomwe lija.

Wopalasayo sanaisunge nkhaniyi. Doko lililonse lomwe ankafika ankati, "Ku Nankhwazi amalonjera mwala, osati munthu." Mawuwo anayenda kuposa bwato. Alendo anayamba kuchepa, kenako anasiyiratu. Mchere unatha. Makasu anaperepeseka, wosula osaoneka. Atsikana anakula popanda wowafunsira. Ndiye anthu anayamba kusamuka, banja ndi banja, ndipo onse ankatulukira pa kampata komwe kaja. Mudzi unasanduka bwinja. Anatsala Chagunda yekha, imvi mbuu, akupalira udzu m'tsinde mwa linga ndi kutchula mayina a eni miyala.

Patapita zaka, bwato linakocheza padoko. Munatsika mtsikana atasenza mwala pankhata.

"Agogo, ndine mwana uja munam'bweza ali kumsana. Amayi anamwalira chaka chatha. Anandiuza kuti ndidzakupatseni mwalawu kuti linga lanu lithe."

Chagunda anaulandira. Anauyesa pansi pa mpata, ndipo unakwana ngati anachita kuusema. Pamwamba pake akanangosanjika timiyala togumuka, ntchito n'kutha. Kenako anaunyamulanso n'kuuika pambali.

"Bwanji, agogo? Ndi woipa?"

"Ndi wabwino kuposa yonse, mwana wanga. Koma ndikatseka apa, amayi ako adzalowera pati?"

Anapatuka panjira, mtsikanayo n'kulowa, ndipo anam'tungira madzi ndi manja ake.

Ndi chifukwa chake lero linga la ku Nankhwazi lili ndi mpata. Alendo amabwerabe ndi miyala, koma palibe amaiika pampatapo. Amaiponya pambali, ndipo mulu wake ndinauona ndi maso angawa, ndi wautali kundiposa, wokwanira kutseka mpatawo kakhumi. Ndi chifukwa chakenso amene wafika wopanda mwala ndiye amayamba kulowa.

Tsono anzanga onse anaima pamzere, miyala ili m'manja, mpaka aphunzitsi omwe. A Saikonde anavula chipewa n'kunena kuti, "Lowani, mayi, mwayenda ulendo wautali." Ine kunditchula mayi! Ndinkafuna kuseka, koma nditafika pakati pa mpatawo, mapewa akukhudza miyala mbali zonse ziwiri, chiseko chinathawa. Ndinalowa pang'onopang'ono, ngati ndabereka mwana.