Anzake a Telala Anasowa Lachiwiri

"Ndinu, alamu. Musayang'ane kumbali, ndinu mwandibisira anthu anga."

Mayi telala anaponya foni yake patebulo la mlamu wake, pakati pa mabatire otupa ndi magalasi osweka. Mlamuyo, wokonza mafoni, ndiye ankasamala seva ya amisiri a mumsewumo: kakompyuta kakale kolira ngati njuchi kunsi kwa tebulo, komwe atelala, ometa ndi owotcherera zitsulo ankalemberana nkhani. Maseva oterewa ali ngati nyumba zoyandikana. Iliyonse ili ndi mwini wake, koma zipata n'zotsegula, moti wa kuno amacheza ndi wa uko osasamuka.

"Anthu anu ati? Ndayamba liti kuweta anthu ine?"

"Amayi a ana akhunyu, makumi anayi ndi awiri. Dzulo ndinali nawo, lero palibe ndi mmodzi yemwe."

Amayiwo anali pa seva ina, ya makolo. Mwana wa telala anali atayamba mankhwala atsopano omugonetsa tsiku lonse, ndipo namwino wina wa m'gululo analonjeza kulembera telalayo mafunso oti akafunse dokotala Lachitatu.

Chinachitika n'chakuti Lolemba munthu wina wa pa seva ya makoloyo analemba kuti wokonza mafoni amaba mabatire a makasitomala. Mkuluyu magazi anawira. Njira zinalipo zitatu: kubisa wotukwanayo yekha, kudandaula kwa mwini seva inayo, kapena kudula seva yonse ya makoloyo. Anasankha yachitatu. Chenjezo la zilembo zofiira linatuluka, iye n'kulidumpha ngati chithaphwi. Ngakhale wometa wa khomo loyandikana, amene ankathandizana naye kusamala sevayo, sanamufunse.

Kutacha Lachiwiri msewu wonse unasokonezeka, poti ambiri anali ndi anzawo pa seva yodulidwayo. Wowotcherera zitsulo anazimitsa foni n'kuyatsa kasanu. Wina anati intaneti yatha, wina anati ndi mitambo. Telala anasoka mkono wa malaya chozondotsa, akudzifunsa ngati anzakewo anamutaya chifukwa chochulutsa mafunso. Masana ndi pamene mayi mmodzi yekha amene anali ndi nambala yake anaimba, mawu ali pansipansi: "Pepanitu, asisi. Taona mwazimiririka, ndiye tonse kuno tikuti kaya mwana watisiya."

Mwana ali moyo, akusewera ndi zidutswa za nsalu, anthu akumulira. Zonsezi chifukwa cha chala chimodzi cha munthu wokwiya.

"Ndimateteza ulemu wa msewu uno," anatero wokonza mafoni.

"Ulemu wa msewu kapena wa mabatire anu?" anafunsa wometa, yemwe analowa lumo lili m'manja atamva phokoso. "Tsegula chipatacho, achimwene."

Wokonza mafoni anadina monyinyirika. "Basi, ndatsegula. Mwaona, alamu? Kulira konseku."

Telala anatenga foni. Mndandanda wa anzake unali wopanda kanthu. Anaigwedeza, anaizimitsa, anaiyatsa. Wopanda kanthu.

"Mwatsegula chiyani?"

"Dikirani, mwina zikubwera pang'onopang'ono."

"Sizibwera," anatero wometa. "Ukadula seva umadula zingwe zonse zolumikiza anthu, kuno ndi uko. Kutsegula chipata sikuzimanganso. Zilembo zofiira zija zimanena zimenezo. Unawerenga?"

Wokonza mafoni anakanda m'mutu ndi sikuludiraiva. Pofuna kuoneka wotanganidwa analembera mwini seva ya makolo, ndipo yankho silinachedwe. Wotukwana uja sanali kholo ayi, anali mlendo amene analembetsa m'mawa wa Lolemba, ndipo anamuchotsa tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. "Mukanangondifunsa," anamaliza choncho mwini sevayo.

Ndiye kuti anthu makumi anayi ndi awiri analangidwa pa mlandu wa munthu amene anali atapita kale.

"Si nkhani," anatero wokonza mafoni ndi mawu ozilala. "Muwafufuze mmodzimmodzi, mulembe mayina awo."

Telala anakhala pampando wa makasitomala n'kuyamba kukumbukira. Koma anzakewo ankawadziwa ndi zithunzi: wa duwa lachikasu, wa mapasa ovala zofiira, wa mphaka. Mayina awo pa seva anali zilembo zosakaniza ndi manambala. Anapeza asanu ndi anayi. Namwino panalibe. Anaimbira mayi uja, koma foni inali yozimitsa.

Wometa anapukuta lumo pa malaya ake. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula. Choipa n'chakuti apa wodya anali wina, wotsamwidwa wina.

Telala anaimirira n'kuika foni pansi pa mphuno ya mlamu wake.

"Mawa ndi Lachitatu. Dokotala akandifunsa za mwana wa mng'ono wanuyu, ndikanene chiyani? Musakande m'mutu, alamu. Ndiyankheni."